Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mavoti anayi a m'nyumba mwathu

Ndinalonjeza kuti gawo lino ndilemba za chaka chimene ndinayamba ntchito, koma ndemanga zanu za pa gawo 8 zandibweza m'mbuyo. Nditangotchula kuti bambo anga anamwalira tisanamvane, ambiri munafunsa chimene chinalowa pakati pathu. Wina anati mwina inali nkhani ya mkazi, wina anati ndalama. Sizinali zimenezo. Inali voti. Zikomo mayi inu amene munalemba kuti kwanunso abale awiri sayenderana mpaka lero chifukwa cha chisankho, mawu anu ndi amene andilimbitsa mtima. Ndipo achimwene inu amene pansi pa gawo lililonse mumandifunsa kuti ndine wa chipani chanji, werengani mpaka kumapeto, ngakhale yankho lake mwina silikukomerani.

Mukukumbukira kuti bambo anali munthu wa Kamuzu ndi mtima wonse. Ena masiku amenewo ankagula khadi la chipani chifukwa cha mantha, koma iwo ayi. Anaona ndi maso awo chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikutha mu 1963, anaona mbendera ya Malawi ikukwera pa 6 Julayi 1964, ndipo kwa iwo munthu amene anachita zimenezo sanali woti n'kumuika pamzere ndi anthu ena kuti ana asankhepo. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, iwo anati ndi mwano. Pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, nyali ya zipani zambiri itagonjetsa tambala wakuda, anazimitsa wailesi n'kukhala chete tsiku lonse.

Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chinandipeza ndili ndi zaka 19, dzina langa lili m'kaundula koyamba. Usiku woti mawa lake tikavota, bambo anatiitana tonse, amayi, achemwali ndi ine. Anati, "M'nyumba muno mavoti alipo anayi, ndipo onse akupita kwa Ngwazi." Palibe anayankha. Iwo anatenga kukhala chete kwathuko ngati kuvomera.

Ine mtima wanga unali utagwa kale pa Chakufwa Chihana. Ndifotokoze chifukwa chake, poti ena mudzati ndinangofuna kutsutsana ndi bambo monga amachitira anyamata. Munthuyo anabwerera kuno mu Epulo 1992 akudziwa bwino lomwe chimene chinkamudikira, ndipo atangotsika ndege ku Lilongwe anamangidwa. Pa msinkhu umene ndinali, kulimba mtima kotere kunandikwanira. Mfundo za chipani chake cha AFORD sindinaziwerenge, anthu amene anamuzungulira sindinkawadziwa. Ndinkangoona munthu amene sanaope pamene tonse tinkayankhula monong'ona.

Ndinaima pamzere kuyambira m'mamawa, bambo ali patsogolo panga ndi anthu ochepa chabe. Msana wawo ndimauonabe. Nditalowa mobisika muja manja ankanjenjemera, osati chifukwa cha boma kapena apolisi, koma chifukwa cha msana umenewo. Ndinavota, ndinaponya m'bokosi, ndinatuluka ndi inki pachala.

Madzulo ake anandiitana pakhonde. "Iwe, wavotera ndani?"

Ndikanatha kunama. Zaka zonsezi ndakhala ndikubwerera pakhonde paja m'maganizo, ndipo nthawi iliyonse ndimaona kuti bodza linali pafupi kwambiri, mawu awiri okha. Palibe akanadziwa. Koma bambo omwewo ndi amene anandilera kuti munthu akakufunsa maso ndi maso umuuze zoona, ndiye ndinawauza. Sanakalipe. Akanakalipa, mwinanso akanandimenya, bwenzi nkhaniyo itatha usiku womwewo. Anangoyang'ana chala changa chija nthawi yaitali, ngati kuti inkiyo ndi chilonda, kenako anati, "Ndamva." Anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundiyankhula mwachindunji. Tili m'chipinda chimodzi, ankatembenukira kwa amayi n'kunena kuti, "Muuzeni mwana wanuyu atseke chitseko." Amayi ankatembenuka n'kundiuza, ine ndamva kale. Ndikawapatsa moni m'mawa ankayankha ndi mutu. Poyamba ndinkati zitha zotsatira zikatuluka. Zotsatira zinatuluka: Bakili Muluzi anapeza mavoti pafupifupi 47 pa 100 alionse, Kamuzu 33, Chihana 19. Kumwera kunapita kwa wina, pakati kwa wina, kumpoto kwa wina, ngati kuti dziko lagawidwa ndi mpeni. Kamuzu mwiniwake anayankhula pa wailesi kuvomereza kuti wagonja, bambo akumvetsera. Ndinaganiza kuti poti mwini nkhani wavomera, nawonso afewa. Sanafewe. Kamuzu anavomereza mavoti a dziko lonse, koma bambo anga sanathe kuvomereza voti imodzi ya mwana wawo.

Zinakhala choncho zaka zoposa zitatu. Kamuzu anamwalira pa 25 Novembala 1997 ku Johannesburg, ndipo sipanapite nthawi yaitali bambo nawo anagona pa mphasa osadzukanso. Za matenda awo ndinalemba kale mu gawo 8, sindibwereza. Chimene sindinalembe ndi ichi. Tsiku lomaliza limene ndinawaona ali moyo, ndinakhala pambali pawo kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa. Amayi anali atatuluka dala kuti pasakhale wotumidwa pakati pathu. Bambo anatsegula maso n'kundifunsa, "Wabwera?" Ndinati, "Ndabwera, bambo." Ndinadikira mawu ena. Ndinali nditakonza zambiri zoti ndinene, zina zopepesa, zina zodziteteza, koma zonse zinakakamira pakhosi. Iwo anatsekanso maso. Liwu limodzi lija ndi limene ndinalandira pa zaka zonsezo, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati linali chikhululuko kapena funso chabe.

Pano ndiyankhe malume aja amene pamaliro anauza anthu kuti ndinafupikitsa moyo wa bambo ndi mwano wanga. Iwo anatisiya, koma ana awo ndikudziwa kuti mumawerenga kuno. Tsiku limenelo sindinayankhe chifukwa sanali malo ake. Lero ndikunena: sindinatukwane bambo anga, sindinawabere, sindinawanamize. Ndinachita chimene lamulo linapatsa munthu aliyense wa zaka 18, ndipo atandifunsa ndinanena zoona. Mawu a bambo anu ndawasenza nthawi yaitali, ndipo ndawatula pano.

Tsono tamvani chimene chinandipweteka kuposa zonse. Chaka chomwecho cha 1994 chisanathe, Chihana analowa m'boma la Muluzi ngati wachiwiri kwa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Pofika chisankho cha 1999, AFORD inali pa mgwirizano ndi MCP, chipani cha Kamuzu chija, Chihana ataima limodzi ndi Gwanda Chakuamba. Munthu amene ndinataya naye bambo anga anali pa pepala limodzi ndi tambala wakuda wa bambo anga, iwo ali m'manda. Sindikumuweruza, andale amagwirizana pa zifukwa zawo, ndipo kulimba mtima kwake kwa mu 1992 palibe angakufafanize. Koma ndinaima ndi pepala lija m'manja n'kuona kuti iwo kumtunda amatha kukangana lero mawa n'kukhala tebulo limodzi, pamene ife kumunsi timafa osayankhulana. Kuyambira pamenepo mtima wanga sindinaupatsenso chipani chilichonse. Ndilo yankho lanu, achimwene.

Za 2004 ndilibe zambiri. Ndinavota, amene ndinamuvotera anagonja.

Chaka cha 2009 ndicho chinandiphunzitsa kachiwiri. Ndinavotera Bingu wa Mutharika mosakayika ngakhale pang'ono, ndipo sindinali ndekha, anapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, kuchokera m'zigawo zonse. Makuponi a feteleza anali atasintha zinthu m'minda, ndipo ambirife tinkaona kuti mu nyengo yake yoyamba aphungu otsutsa anamuvutitsa kwambiri m'nyumba ya malamulo. Choncho ndinati munthuyu timupatse ndi aphungu omwe agwire ntchito momasuka, ndipo phungu ndinavotera wa chipani chake osamudziwa n'komwe. Chipani chakecho cha DPP chinatenga mipando yoposa theka. Patangotha zaka ziwiri tinali pa mizere ya mafuta, ndalama zakunja zikusowa, ndipo pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu pafupifupi 20 anataya miyoyo. Mlandu wa voti yanga ndi wanga. Mu nyengo yoyamba ija munali anthu omuletsa, ndipo ine ndinathandiza nawo kuwachotsa. Kuchokera apo, phungu ndimamuyeza payekha, ndipo sindiopa kuvotera mtsogoleri wa chipani china ndi phungu wa chipani china tsiku limodzi.

Palinso dzina lachiwiri lija limene ambiri sitiliwerenga pa pepala. Mu 2009 pansi pa dzina la Bingu panali la Joyce Banda. Anthu ochepa chabe ndi amene anaganiza kuti akuvoteranso mtsogoleri wa mawa. Bingu atamwalira mwadzidzidzi pa 5 Epulo 2012, mayiyo, amene anali atachotsedwa kale m'chipani cholamula, analumbira pa 7 Epulo monga mwa malamulo oyendetsera dziko. Masiku ano ndikaona woimira, ndimadzifunsa ngati ndingagone tulo womutsatirayo atatenga mpando mawa m'mawa. Ndikakayika, voti yanga sipita kumeneko, kaya wapamwambayo ayankhule bwino chotani pa msonkhano.

Wina analemba pansi pa gawo 6 kuti kuvota n'kutaya nthawi, poti opambana amadziwika kale. Ndikumvetsa kumene mawuwa akuchokera. Mu 2014 Peter Mutharika analowa ndi mavoti 36 pa 100 alionse, ndipo mu 2019 analengezedwa wopambana ndi mavoti osafika 39, mapepala a zotsatira ambiri atafufutidwa ndi tipeksi. Nanenso nthawi imeneyo ndinatsala pang'ono kutaya chiphaso changa chovotera. Koma pa 3 Febuluwale 2020 ndinakhala pa wailesi tsiku lathunthu kumvetsera oweruza asanu akuwerenga chigamulo chawo. Anafafaniza chisankho chija, ndipo anatanthauzira kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Pa 23 Juni 2020 tinabwerera pamzere, Lazarus Chakwera n'kupambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse. Pa 16 Sepitembala 2025 anthu omwewo anamuchotsa n'kubwezeretsa Mutharika, ndipo Chakwera anavomereza kugonja. Kawiri motsatizana wolamula watsika pampando chifukwa cha mapepala a anthu wamba ngati inu ndi ine. Amene ndinawavotera pa zisankho ziwirizi sindikuuzani, musavutike kufunsa. Ndinaulula kamodzi pakhonde, ndipo mtengo wake mwaumva.

Chimene ndingakuuzeni ndi funso limene ndimayamba nalo: kodi munthu ameneyu akadzagonja adzachoka? Malonjezo onse amafanana nyengo ya kampeni, misewu, ntchito, mankhwala m'zipatala. Ine ndimayang'ana mmene amachitira ndi omutsutsa m'chipani chake chomwe, ngati amalola chisankho chenicheni pa msonkhano waukulu wa chipani, ngati amamvera makhothi akamugamula zomuwawa. Tinaona mu 2002 pamene panali khama losintha malamulo kuti mtsogoleri apitirire nyengo ziwiri, nyumba ya malamulo n'kukana. Wolakwitsa amene angathe kuchotsedwa sindimuopa ngati wochita bwino amene sangachotsedwe. Kumene munthu akuchokera sindikuwerengera n'komwe, ndipo wondipatsa ndalama kapena malaya pa msonkhano amangondionetsa kuti akuganiza kuti ndili ndi mtengo.

Ndimalize ndi chimene chandichititsa kuchedwa kulemba gawo lino. Amayi, monga mukudziwa, akalamba ndipo maso awavuta, koma mutu uli bwinobwino. Nditawauza kuti ndikufuna kulemba za bambo ndi voti ija, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwana wanga, ukamalemba usalembe kuti mavoti atatu anapita kwa Ngwazi. Yanga sinapite kumeneko."

Ndinasowa chonena. Mayi amene kwa zaka zoposa zitatu ankanyamula mawu kuchoka kwa bambo kubwera kwa ine m'chipinda chimodzi, amene ankandiuza kuti ndipirire, anali atachita chimodzimodzi tsiku lomwelo, pamzere womwewo. Ndinawafunsa, "Nanga bwanji simunanene, amayi? Bwenzi ndili ndi mnzanga." Anati, "Bambo ako sanandifunse. Ndipo akanataya tonse awiri, akanatsala ndi ndani?" Ndinawafunsa amene anamuvotera. Anaseka pang'ono n'kukana kunena.

Papita milungu itatu ndipo sindinadziwebe chochita ndi mawu amenewa. Tsiku lina ndimadzuka ndili ndi mkwiyo kuti anandisiya ndekha m'moto uja. Tsiku lina ndimaganiza za bambo akudwala, ndi dzanja limene linkawasamalira mpaka mapeto, n'kuona kuti amayi anawerengera zinthu zimene ine pa zaka 19 sindikanaziona. Anandilola kulemba zimenezi, ndinawafunsa kawiri.

Achemwali, ndikudziwa kuti mumawerenga ngakhale simulemba ndemanga. Mavoti anali anayi usiku uja. Ya bambo ndikuidziwa, yanga ndanena, ya amayi ndamva theka lake. Mukafuna mundiimbire.