Tsiku Limene Anandimatitsa Magalasi a Njinga

Kwa zaka 6 ndinkagwira ntchito yokonza makina ku Johannesburg, ndipo ndili komweko ndinagula njinga yamoto ya Suzuki yomwe inali itadutsa kale m'manja mwa anthu angapo. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandikopa kuti tipite ku chimene eni ake amachitcha track day, lomwe ndi tsiku limene bwalo la mipikisano limatsegulidwa kwa anthu wamba kuti aliyense wolipira athamangitse njinga yake popanda kupikisana ndi wina. Mabwalo otere alipo angapo kumeneko, monga Kyalami ku Midrand, Zwartkops kufupi ndi Pretoria ndi Red Star ku Delmas. Kuno ku Mzuzu tilibe bwalo lotero, koma zimene ndinaona tsiku limenelo zimandibwerera m'mawa uliwonse ndikamachoka ku Katoto kulowa m'tauni pakati pa akabaza.

Tisanalowe m'bwalo anatisonkhanitsa tonse n'kutiuza kuti tichotse magalasi oonera kumbuyo, apo ayi tiwamate ndi tepi. Ine ndinaona ngati akutichititsa khungu dala. Chifukwa china n'chakuti galasi likasweka lisamwazike pamsewu, koma chachikulu n'chakuti m'bwalo munthu alibe ntchito ndi zimene zili kumbuyo kwake. Udindo wonse wodutsa bwino uli m'manja mwa amene akuchokera kumbuyo, popeza ndiye akuona njinga zonse ziwiri, ndipo wa kutsogolo amangofunika kuyenda mumzere wake womwewo osasintha mwadzidzidzi. Pa liwiro la makilomita 150 pa ola njinga imayenda mamita pafupifupi 42 pa sekondi imodzi, choncho wocheuka amakhala atadutsa mtunda wonsewo asakuona kumene akupita.

Lamulo limeneli ndinalimva ndi makutu, koma silinalowe m'manja. Paulendo wachiwiri, ndikuyandikira pokhota, ndinamva kulira kwa injini yaikulu kumbuyo kwanga, ndipo ulemu umene tinaleredwa nawo, wakuti wamkulu akamabwera umamupatukira, unandigwira pamalo olakwika. Ndinapatukira kumanja kuti ndimupatse njira, osadziwa kuti iye anali atandiyeza kale n'kusankha kudutsira kumanja komweko. Anandipitirira pafupi kwambiri moti mphepo yake inandigwedeza phewa. Titatuluka, mlangizi wina wa imvi anabwera pamene ndinakhala, ndipo mosakalipa anandifotokozera kuti woyenda pang'onopang'ono saopsa aliyense, woopsa ndi amene anzake sangathe kudziwa chimene achite sekondi ikubwerayo. Ndinachita manyazi chifukwa ndinkadziyesa waulemu pamene ndikanapha munthu.

Dongosolo lonse la tsikulo linamangidwa pa mfundo yomweyo. Anthu amagawidwa m'magulu malinga ndi luso lawo kuti wongoyamba kumene asakumane ndi katswiri pokhota pamodzi, ndipo gulu lililonse limalowa palokha kwa mphindi 15 kapena 20. Wofuna kutuluka amakweza dzanja lamanzere akadali patali, asanachepetse liwiro, ndipo wolowa saloledwa kudumpha mzere wojambulidwa polowera m'bwalo kufikira utatha. Mbendera yachikasu imatanthauza kuti kutsogolo kuli choopsa ndipo kupitirirana n'koletsedwa, pamene yofiira imalamula aliyense kuti achepetse liwiro n'kubwerera kumalo oimikira njinga.

Chimene chinandivuta kuvomereza n'chakuti mnzako akagwa suima. Kwathu kuno ngozi ikachitika aliyense amathamangira pomwepo, ndipo wongodutsa timamuona ngati wopanda umunthu. M'bwalo muli anthu oikidwiratu ntchito imeneyo pamodzi ndi ambulansi, ndipo njinga yoima pamene ena akubwera mwaliwiro imasandutsa ngozi ya munthu mmodzi kukhala ya anthu atatu. Ngakhale kumuyang'anitsitsa wagwayo n'koopsa, chifukwa njinga imalowera kumene maso alunjika, kotero woyang'ana mnzake ali pansi amakathera pomwepo m'malo molowera pampata umene watsala.

Pano pafunika kusamala, chifukwa si zonse za m'bwalo zimene zingabweretsedwe pamsewu wa M1. M'bwalo onse amalowera mbali imodzi, kulibe lole yobwera kutsogolo, kulibe mbuzi, kulibe njinga yakapalasa yosenza matumba a makala. Pamsewu magalasi ndi ofunika kwambiri, ndipo zimandiwawa kuona akabaza ambiri atawachotsa kapena atawapindira mkati ati njinga ioneke bwino. Chimene chimabwera kuno chonse ndi khalidwe loyenda moti mnzako athe kukuwerenga. Wakabaza amene waona munthu akumukodola tsidya lina la msewu n'kutembenuka pomwepo popanda indiketa akuchita ndendende zimene ndinachita ine pokhota paja, kungoti iye wanyamula mayi wobereka mwana kumbuyo.

Masiku ena Loweruka timatsika ku Nkhata Bay ndi anzanga angapo, ndipo msewu umenewo uli ndi mokhota mokoma mmene mumanyenga achinyamata kuti afika m'bwalo la mipikisano. Tisananyamuke timagwirizana kuti palibe kupitirirana pokhota, kuti aliyense asiye mpata wa masekondi osachepera awiri kumbuyo kwa mnzake, ndiponso kuti tonse tikadikirana pa Mpamba. Pangano lomalizali ndi limene ndimaliumirira kwambiri, popeza wotsalira akadziwa kuti amudikira sakhala ndi chifukwa chothamangitsira anzake pa liwiro limene salikwanitsa. Ambiri amene ndinawaona akugwa paulendo wa gulu sanagwe chifukwa cha msewu, anagwa pofuna kuti asaoneke amantha. Tikamapita cha ku Chikangawa nthawi ya chifunga mpata uja timauwonjezera, ndipo wa kutsogolo sasinthidwa kufikira titaima.

Mwana wa mlongo wanga amayendetsa kabaza ku Chibavi, ndipo mwezi watha ndinamugulira magalasi awiri n'kumumangirira ndekha. Iye anaseka n'kundifunsa kuti, “Malume, si inu munkatiuza kuti ku Joni anakumatitsani magalasi?” Ndinamuyankha kuti tsiku limene adzapeze msewu wa mu Mzuzu wopanda minibasi, wopanda ana a sukulu, komanso woti aliyense akulowera mbali imodzi, adzabwere kunyumba ndidzamupatse tepi. Dzulo ndinakumana naye pafupi ndi msika, ndipo galasi la kumanzere linali lidakalipo, koma la kumanja anati linathyoka atagundana ndi mnzake pamalo oimikira njinga.