Ati ndapachika Satana m'kalasi

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: buku la Odyssey (ndakatulo yakale ya Agiriki ya ulendo wa Odysseus) limodzi kalasi yonse, makina a fotokope akudikirabe inki chiyambire teremu yatha, ine kulemba pabolodi mpaka choko kuthera m'zala. Tinafika pa nthano ya milungu ya Agiriki, pomwe ana a Kronos anachita maere, Zeus n'kutenga kumwamba, Hades dziko la akufa, Poseidon nyanja.

Lachitatu ndikulowa m'kalasi ndinangoona khoma lili mbee. Chithunzi cha Poseidon, chomwe ndinakasindikiza m'tauni ndi ndalama zanga, kulibe. Ahedi anandiitanitsa. "Aphunzitsi, kholo lina ladandaula kuti mwapachika Satana ndi foloko yake." Osayamba andifunsa, anali atatuma kale mlonda kukachimatula.

Ndinayesa kufotokoza modekha. Folokoyo ndi mkondo wa mano atatu, wonga umene asodzi amabayira nsomba. Agiriki anali anthu a zilumba ndi zombo, nyanja ikalusa ankati Poseidon wakwiya. Chivomerezi ankatinso ndi iye, n'chifukwa chake ankamutcha wogwedeza dziko. Cha m'ma 440 Yesu asanabadwe anamumangira kachisi pamwamba pa thanthwe la Sounion, kuti amalinyero obwerera ku Athens azimuonera patali. Ndipo mukamuchotsa, nkhani ya Odysseus imveka bwanji? Iye anaboola diso la Polyphemus, mwana wa Poseidon, bambo wake n'kumuzunza panyanja, ulendo wochoka ku Troy mpaka kutenga zaka 10.

"Zonsezo ndamva, koma makolo ndi amene amalipira fizi," anatero ahedi. Chonsecho mutuwu uli mu sikimu imene anasainira okha.

Lachinayi ndinaphunzitsa popanda chithunzi, za mkangano wolimbirana Athens. Poseidon anamenya thanthwe la Acropolis, phiri la mumzindawo, panatumphuka madzi amchere. Athena, mulungu wamkazi, anameretsa mtengo wa azitona, mzinda n'kukhala wake, ndipo mnzakeyo popsa mtima anasefukitsa madzi m'chigwa. Mtsikana wina wa ku Phalombe anakweza mkono: "Sala, ndiye ali ngati Napolo?" Agogo ake mpaka lero amati Napolo ndiye anagumula phiri mu 1991. Belu linalira tikadali pomwepo, ngakhale anyamata a kumbuyo, amene sayankhula, akulimbirana kuyankha.

Lachisanu kuchonga basi. Angapo analemba Neptune m'malo mwa Poseidon, ndinawapatsa theka la malikisi poti limenelo ndi dzina la Aroma. Chithunzi changa chikadali m'kabati ya ahedi, Lolemba ndikachiitanitsa.