Khonde la mamita 1.8 limene linandiphunzitsa kufunsa

Ntchito yoyamba imene anandisiyira kuti ndiwerengetsere ndekha monga injiniya wa zomangamanga inali yaing'ono. Linali khonde la pansanjika, lotulukira kunja kwa khoma mamita 1.8, lopanda mzati kunsonga kwake. Pantchito yathu timati cantilever. Ndinaiona ngati chibwana, poti kusukulu mafunso otere tinkakhoza tikusinza.

Ndinasankha silabu yokhuthala mamilimita 150. Konkire yazitsulo ndinaiwerengera 24 kN (kN ndi muyeso wa kulemera kwa katundu) pa kiyubiki mita, ndiye silabuyo inalemera 3.6 kN pa sikweya mita. Ndinaonjezerapo 1.2 ya matailosi ndi pulasitala, kenako 3 ya anthu ndi mipando yawo. Tinkatsata BS 8110, buku la malamulo a ku Britain omangira ndi konkire, choncho katundu wokhazikika ndinachulukitsa ndi 1.4, wosuntha ndi 1.6. Zonse pamodzi zinakwana 11.5. Moment ya patsinde, kutanthauza mphamvu yofuna kupinda silabu, imene timaipeza ndi wL²/2 (w ndi katundu, L ndi kutalika kwa khonde), inatuluka 18.6 kNm pa mita iliyonse. Manambala omwewo ndinawalowetsa m'pulogalamu ya pakompyuta, nayonso inati 18.6. Mtima unakhala m'malo. Kompyuta yavomera, angatsutse ndani?

Komabe mapepalawo anagona m'dirowa masiku awiri. Sikuti ndinkawakayikira ayi. Ndinkangoopa kuti ndikapita nawo kwa wina, aona ngati digiri yanga ndinachita kutola.

Tsiku lachitatu ndinalimba mtima n'kuwapatsa bambo wina wachikulire amene ndinkagwira naye ntchito. Manambala anga sanawayang'ane n'komwe. Anawakankhira pambali n'kuitanitsa pulani ya wojambula nyumba.

"Mphwanga, munthu akaima kumapeto kwa khondeli, chimamutchinga n'chiyani kuti asagwe?"

"Pali kakhoma ka njerwa, bambo. Kotalika mita imodzi."

"Nanga m'masamu akowa kali pati?"

Munalibe. Kakhomako ndinakaona ndi maso angawa, koma m'mutu mwanga kanali nkhani ya wojambula, osati katundu. Titawerengera njerwa ndi pulasitala, kanalemera pafupifupi 3 kN pa mita, ndipo kanakhala pamalo oipitsitsa, kunsonga kwenikweni. Ukachulukitsa ndi 1.4, kenako ndi mtunda wa 1.8, umapeza 7.6 kNm. Moment yanga inakwera ndi 40 peresenti chifukwa cha kakhoma kofika m'chiuno.

Chinandipweteka kwambiri si kuiwalako. N'chakuti ndinkati kompyuta yanditsimikizira, pamene inangondibwezera zimene ndinaiuza. Ndinadzifunsa ndekha, n'kudziyankha ndekha, n'kudziombera m'manja.

Bambo aja sanalekere pomwepo. Anafunsa za kuwerama kwa silabu, chinthu chimene ndinangochidumpha poganiza kuti zitsulo zikakwana ndiye kuti zonse zakwana. Mu BS 8110 muli njira yachidule: umagawa kutalika kwa silabu ndi kuya kwake kuchokera pamene pali zitsulo. Poyambira, silabu yokhala pazogwiriziza ziwiri amailola 20, yopitirira pazogwiriziza zingapo 26, koma cantilever 7 yokha. Nambalayi imatha kukwezedwa malinga ndi kuchuluka kwa zitsulo za mbali yokokeka, koma osapyola kawiri, ndiye kuti 14 ndi pothera. Ine, nditachotsa mamilimita 25 a konkire yophimba ndi theka la chitsulo cha mamilimita 12, ndinatsala ndi 119. Gawani 1800 ndi 119, mupeza 15. Ngakhale ndikanathira zitsulo zochuluka bwanji mbali yokokekayo, silabu imeneyo sikanadutsa. Khondelo mwina silikanagwa, koma likanayamba kuzyolika pang'onopang'ono, poti konkire ikasenza katundu zaka zambiri imapitiriza kuwerama, ndipo kakhoma kaja kakanang'ambika.

Funso lachitatu ndi limene ndimaliganizirabe mpaka lero. Analoza kachizindikiro kamene ndinaika patsinde pa khonde m'pulogalamu muja, kosonyeza kuti pamenepo pagwira nganganga, sipangapotoke.

"Apa wati pagwira. Chagwira n'chiyani?"

Pakompyuta, kugwiritsa tsinde n'kungodina kamodzi. Panyumba yeniyeni, chimene chimaletsa khonde kupendekera pansi ndi silabu ya m'kati mwa chipinda, kuseri kwa khoma. Cantilever imakokeka pamwamba, imapanikizika pansi, choncho zitsulo zake zazikulu zimakhala pamwamba, ndipo ziyenera kulowa m'silabu ya m'katiyo mtunda wokwanira. Ine ndinazidula zitangodutsa khoma pang'ono. Iwo anati paokha sazilola kuchepera kutalika kwa khonde kamodzi ndi theka, ndiye kwa ife mamita 2.7, ndipo anandituma kukaonanso ngati silabu ya m'katiyo ingapirire moment imeneyo khonde litadzaza anthu chipinda chili chopanda kanthu. Zoti katundu angakhale mbali imodzi yokha tinaphunzira ndithu kusukulu. Kungoti ndinali ndisanazilumikize ndi nyumba yokhalamo anthu.

Kenako ananena za pasaiti. Tsiku lothira konkire anthu amaponda pazitsulo, mawilibala amadutsa, ndipo zitsulo zapamwamba zikapanda timipando tozigwiriza zimatsika. Zikatsika kuchoka pa 119 kufika pa 80, mphamvu ya silabu imachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo konkire ikauma palibe angaone. Anati timipandoto ndizitijambula papulani n'kulemba motalikirana mwake, osasiyira womanga kuti aganize yekha.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Kwa ife ogwira ntchito yosenzetsa madenga, mwambiwu umamveka ngati akutinena.

Kuchokera pamenepo ndasintha kafunsidwe. Kale ndikanapita ndi funso loti, "Kodi izi zili bwino?" Limenelo si funso, n'kutula katundu wako pamutu pa mnzako. Tsopano ndimapita ndi pepala limodzi: chojambula cha pamanja chosonyeza mmene katundu akuyendera kuchoka pamwamba mpaka pamaziko, mndandanda wa zimene ndangoziganizira popanda umboni, ndi masamu achidule a pamanja. Ndaona kuti anzanga sachedwa pamasamu, amathamangira pamndandanda uja. Zolakwa zambiri zimabisala m'menemo, m'zinthu zimene unaziona ngati zodziwikiratu.

Ndaonanso kuti malangizo a mainjiniya amafunika kusefa. Ukafunsa atatu, umatha kumva mayankho anayi. Wina amalankhula za 1.35 ndi 1.5 chifukwa anazolowera Eurocode, malamulo a ku Ulaya, wina 1.4 ndi 1.6 za BS 8110, ndipo ukatola nambala kuno ina uko umapanga malamulo akoako amene palibe anawayesapo. Ndiye ndimayamba ndafunsa kuti akutsata buku liti, ndipo yankho lawo lagona pa chiyani. Wondiuza kuti "timangotero basi" ndimamuthokoza, koma ndimakafufuzabe.

Kufunsa sikuchotsa udindo. Pa 17 July 1981, ku hotela ya Hyatt Regency ku Kansas City ku America, timilatho toyendapo anthu m'kati mwa nyumba tinagwa n'kupha anthu 114. Pulani yoyamba inali yoti ndodo yachitsulo imodzi yaitali ichoke kudenga n'kunyamula timilatho tiwiri, kapamwamba ndi kapansi. Pokonza zitsulo anasintha, n'kuika ndodo ziwiri zazifupi, kapansi n'kulendewera pa kapamwamba. Papepala kusinthako kumaoneka ngati palibe kanthu, koma katundu wa pamfundo ya kamlatho kapamwamba anawirikiza kawiri. Mapulaniwo anadutsa m'manja mwa anthu angapo n'kudindidwa. Masamu ofunika kuti munthu aone vutolo sakanadzaza n'komwe theka la tsamba.

Nkhani imene imandilimbitsa mtima ndi ya injiniya William LeMessurier ndi nyumba imene panthawiyo inkatchedwa Citicorp Center ku New York, ya nsanjika 59, imene mizati yake ili pakati pa mbali iliyonse osati m'makona. Mu 1978, nyumbayo itatha kale, funso lochokera kwa wophunzira wa ku yunivesite linamupangitsa kuwerengetseranso mphepo yowomba mopingasa kuchokera pakona. Anapezanso kuti mfundo za zitsulo zopingasa zinamangidwa ndi mabawuti m'malo mowotcherera. Anakaulula yekha kwa eni nyumba, ndipo amisiri ankawotcherera zitsulo zolimbitsa usiku, ogwira ntchito m'maofesi ataweruka. Munthu wa dzina lake akanatha kungoti mwana wasukulu adziwa chiyani.

Khonde lija linathera pa mamilimita 200 patsinde, n'kumapyapyala mpaka 150 kunsonga. Wojambula nyumba anavomera kuchotsa njerwa n'kuika zotchingira zachitsulo, zimene zinabweretsanso funso lina la mmene tizimangirire m'mphepete mwa silabu anthu akamatsamira. Tsiku lothira konkire ndinalawirira ndi tepi m'manja. Pamzere wachitatu kuchokera kukhoma ndinapeza timipando tiwiri titaphwanyika, zitsulo zitagona pansi. Kapitawo anandiyang'ana ngati ndabwera kudzamuchedwetsa dala, koma anaitana mnyamata wa waya, ndipo galimoto ya konkire inadikira mphindi makumi awiri.