Kuyika mafureti pa banjo yachigubu popanda kungoganizira

Banjo zambiri zomwe anyamata amapanga kuno ku Mulanje zimalira bwino ukamangokhwatcha nsambo zili zosagwira. Ukayamba kutsetsereka ndi chala pakhosi pake, nyimbo imapotoka. Chigubu sichilakwa, waya wa mabuleki a njinga salakwanso. Cholakwika ndi mafureti, tiwaya topingasa pakhosi tija, chifukwa ambiri amangotalikitsa mofanana ngati mizere ya m'munda wa tiyi. Nsambo siyendera lamulo limenelo. Yanga ndinapanga motere.

Zipangizo sizinavute: chigubu chachitsulo cha mafuta, thabwa louma la malaina, masipoko a njinga ndi waya wa mabuleki, zomwe ndinapeza pamsika wa Limbuli. Mkungudza ausiye, ndi woletsedwa. Kalipentala wakwathu anandipalira thabwalo, ndipo atandiona ndikutulutsa rula ndi pensulo anaseka. "Achimwene, banjonso imafuna masamu?" Ndinawayankha kuti aone kaye, aweruze pambuyo.

Choyamba ndi kusankha kutalika kwa gawo la nsambo lomwe limanjenjemera, kuchokera pakathabwa ka kumutu mpaka pakathabwa kogona pachigubu. Ine ndinatenga masentimita 65, muyeso wa magitala ambiri a nsambo za nayiloni. Ndinamanga nsambo imodzi yokha, khosi lili losalala, ndi kuikunga mpaka pulogalamu yochunira ya pafoni inawerenga A wotsika, wa kunjenjemera ka 110 pa sekondi imodzi.

Musanadule kalikonse, dziwani zomwe zikuchitika pawayapo. Mangani chingwe choyanikira zovala kumtengo, mugwire mbali inayo, muchigwedeze kamodzi. Funde limathamanga kukafika pamtengo ndi kubwerera kudzanja lanu. Mukamagwedeza mosalekeza, lopita ndi lobwerera amakumana, ndipo mukapeza liwiro loyenera funde limaoneka ngati laima: chingwe chimatupa mimba imodzi pakati. Fulumizani kawiri, mimba zikhala ziwiri, ndipo pakati penipeni padzakhala malo osasuntha. Poti nsonga zonse ziwiri zamangidwa, chingwe chimangolola mimba zathunthu, imodzi, ziwiri, zitatu, osati imodzi ndi theka. Nsambo yanga imachita zomwezo, koma maso sangatsate. Funde limapita ndi kubwera masentimita 130, maulendo 110 pa sekondi, ndiye kuti limathamanga pafupifupi mamita 143 pa sekondi.

Apa ndiye pokoma. Ndinayeza pakati, masentimita 32.5, ndi kukhudza nsambo ndi nsonga ya chala, kungokhudza basi osakanikiza pathabwa, kenako kukhwatcha ndi kuchotsa chala msanga. Panamveka kamawu kosalala, do yemwe nsambo imaimba yosagwira, koma wapamwamba. Chala chaletsa mimba imodzi ija, zatsala ziwiri, iliyonse theka la nsambo, choncho kunjenjemera kwafika 220. Mukaphonya malowo ndi mamilimita ochepa, mumangomva thi! Nsambo imakulozerani yokha pomwe pali pakati pake, ndipo pamenepo ndi pa fureti ya 12.

Kalipentala uja ndinawagonjetsa ndi tipepala. Ndinang'amba tiwiri tating'ono, kutipinda, ndi kutikweza pansambo, kena pa masentimita 32.5, kena pa 43.3. Ndinakhudza pa 21.7, lomwe ndi gawo limodzi mwa atatu, ndi kukhwatcha pang'ono. Kapepala ka pakati kanadumphira pansi, ka pa 43.3 kanangokhala phee, pamalo pomwe sindinagwire n'komwe. Mimba zinali zitatu, malo osasuntha awiri. Anakatola pansi kaja, akuti tibwerezenso.

Malo amenewa ndiwo nsanamira za khosi lonse. Mukakanikiza pathabwa pagawo limodzi mwa atatu, nsambo yotsala ndi magawo awiri mwa atatu, ndipo imaimba so; ndi fureti ya 7. Pagawo limodzi mwa anayi, masentimita 16.3, pamatuluka fa; ndi fureti ya 5. Agiriki akale, a gulu la Pythagoras, ankadziwa kale magawo awa a 2 kwa 1, 3 kwa 2 ndi 4 kwa 3. Woimba kwaya aliyense amawamva ndi khutu ngakhale asanaone manambala.

Mafureti otsalawo amafuna kakyuleta ya pafoni. Gawani kutalika kwa nsambo ndi 17.817. Kwa ine 65 inapereka 3.65, malo a fureti yoyamba. Chotsani 3.65 pa 65, itsala 61.35, gawaninso ndi nambala yomweyo, mupeza 3.44, ndiye fureti yachiwiri ili pa 7.09. Pitirizani choncho. Mipata imachepa mukamatsika, moti wa pakati pa fureti ya 11 ndi ya 12 ndi masentimita 1.93 okha. Masamu akakhala bwino, ya 12 igwera pa 32.5 pomwe nsambo inaloza kale. Poyeza, yambirani kumutu nthawi zonse, osati pa fureti yomwe mwangolemba, chifukwa timamilimita tosowa timaunjikana. Ndinacheka timipata ndi sowo yodulira zitsulo, kudula masipoko ndi kuwakhomerera.

Nsambo zinazo zili ndi phunziro lake. Marin Mersenne, wansembe wa ku France, analemba m'ma 1630 kuti mawu a nsambo amadalira kutalika, kukungika ndi kulemera kwake. Kukunga nkosapindulitsa kwenikweni: kuti mawu akwere kawiri muyenera kukoka ndi mphamvu yochuluka kanayi, ndipo waya amaduka kapena khosi limapindika musanafike. Kumasula kwambiri kuti mupeze besi nakonso kumangobweretsa phokoso la waya wogunda masipoko. Njira ndi kulemera. Waya wa mabuleki ndi timawaya tambiri topotana. Kamodzi kamakwana mawu okwera, ndipo a pansi mumasiya tingapo tili chipotanire. Pansambo zonsezi mafureti ndi amodzimodzi, poti amatsata magawo a kutalika, osati makulidwe a waya. Nchifukwa chakenso nyengo ya chiperoni, chikopa chikanyowa pa banjo zachikopa mawu n'kutsika, mumangochuna, simusuntha fureti.

Kathabwa ka pachigubu musakamate ndi guluu. Mukakanikiza nsambo pa fureti mumaikoka pang'ono, mawu amakwera kuposa mmene masamu ananenera. Yerekezani mawu a kukhudza pakati ndi a kukanikiza pa fureti ya 12. Akakhala kuti okanikizawo akwera, kankhirani kathabwako kumbuyo, kutali ndi khosi, mamilimita awiri kapena atatu, muchunenso, muyesenso, mpaka awiriwo afanane. Mukatero lembani ndi pensulo pachigubu pomwe kakhala, chifukwa tsiku losintha nsambo kamagwa.