Kusankha limodzi ndi wodwala opaleshoni yaikulu isanachitike

Ndimagwira ntchito yochita maopaleshoni pa chipatala china chachikulu cha boma m'dziko muno, ndipo sabata yathayi nthawi yanga yambiri inathera pa odwala amene opaleshoni ikhoza kuwatalikitsira moyo kapena kuwafupikitsira. Ambiri mwa iwo ndi okalamba, a mtima wofooka, kapena amene mapapo awo anawonongeka ndi chifuwa chachikulu.

Lolemba ku kiliniki ndinaona bambo wina wa zaka zoposa 70, mkulu wa mpingo kumudzi kwawo, amene ali ndi khansa kumapeto kwa matumbo, pafupi kwambiri ndi potulukira chimbudzi. Kuti chotupacho chichoke chonse, njira yachimbudzi iyenera kutsekedwa mpaka kalekale, ndipo munthu amakhala ndi kathumba kolandira chimbudzi pamimba moyo wake wonse. Nditawafotokozera, anandiyankha mwaulemu kuti, "Mukudziwa ndinu, adokotala." Yankho limeneli timalimva tsiku lililonse, ndipo n'losavuta kulilandira ngati chilolezo n'kuwapatsa fomu kuti adinde chala. Ine sindililandira choncho, chifukwa zimene ndimadziwa ndi za matumbo ndi mitsempha, pamene za mtunda wa kuchokera kwawo kufika ku chipatala chaching'ono, za madzi a pamjigo, ndiponso za zimene iwo sangalole kutaya, amadziwa okha.

Lachiwiri tinakhala pansi ndi mnzanga wogonetsa odwala ku fiyeta. Pa muyeso wa ASA, umene umaika odwala m'magulu potengera mphamvu za thupi lawo, bamboyu anagwera m'gulu la 3, pafupi ndi 4. Tinawapempha kukwera masitepe tili pambali pawo, ndipo anaima panjira akupuma movutikira. Zimenezi zinatiuza zambiri, popeza choopsa chachikulu sichikhala patebulo la opaleshoni pokha. Kafukufuku wa African Surgical Outcomes Study, amene anachitika m'mayiko 25 a mu Africa ndipo anatuluka mu The Lancet m'chaka cha 2018, anapeza kuti odwala a kuno amamwalira mowirikiza kawiri kuposa a kwina pambuyo pa opaleshoni yokonzekera, ngakhale kuti ambiri ndi achinyamata poyerekeza, ndipo imfa zambiri zimachitika m'masiku otsatira, wodwala ali kale ku wodi. Mabedi a m'chipinda cha odwala mwakayakaya ndi ochepa, ndipo wodwala ali ndi ufulu wodziwa zimenezi asanavomere.

Tsiku lovuta linali Lachitatu, pamene tinakumana ndi banja. Mwana wawo wamkulu, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, analowa nawo pa foni, ndipo anafuna zinthu ziwiri: kuti opaleshoni ichitike msanga, komanso kuti bambo ake asauzidwe za kuopsa kwake, poopa kuti ataya mtima. Ndinamvetsa chikondi chimene chinali m'mawu amenewo, ndipo pa chikhalidwe chathu nkhani yaikulu chotere siigamulidwa ndi munthu mmodzi. Komabe ndinamuuza kuti, "Achimwene, thupi limene tidzatsegule ndi la bambo anu, ndipo nzeru zawo zili bwinobwino. Tiyeni tiwafunse kuchuluka kwa zimene akufuna kumva." Bambowo anafuna kumva zonse. Tinadutsa m'mafunso anayi amene ndimagwiritsa ntchito nthawi zonse, akuti phindu la opaleshoni n'chiyani, zoopsa zake n'zotani, pali njira ina yotani, ndipo chingachitike n'chiyani tikapanda kuchita. Maperesenti sindiwatchula, chifukwa anthu amamva bwino ndikanena za anthu khumi ofanana nawo, angati amabwerera kunyumba akuyenda okha, angati amakhalitsa m'chipatala, ndi angati sabwerera.

Pamenepo mpamene anayamba kuyankhula zenizeni. Imfa sinkawaopsa kwenikweni. Chinkawasautsa chinali kukhala chigonere akusambitsidwa ndi mpongozi wawo, ndiponso kuima kutsogolo kwa mpingo ali ndi kathumba kamene sakudziwa ngati kadzapezeke kena kakatha. Namwino wathu anaitana munthu wina amene wakhala ndi kathumba kotere zaka zingapo, ndipo awiriwa anacheza okha pakhonde nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti macheza amenewo anathandiza kuposa zonse zimene ine ndinanena.

Lachinayi ndinali ku fiyeta tsiku lonse. Mwa amene tinawachita opaleshoni munali mayi wa matenda a shuga amene anakana kudulidwa mwendo kwa masabata angapo, kenako anavomera atamvetsa kuti chilonda chayamba kuika moyo wake wonse pachiswe, komanso atakambirana ndi a fiziyo, amene amathandiza odwala kuyambanso kuyenda, za mmene adzayendere ndi ndodo. Kukambirana sikutanthauza kuti anthu amathawa opaleshoni. Ena amalowa ku fiyeta ali olimba mtima chifukwa asankha okha.

Lachisanu bambo a khansa aja anapereka yankho lawo, ana awo ali pomwepo. Opaleshoni yaikulu anaikana, koma anavomera kuti ngati chotupacho chidzatseke matumbo, tidzawachite yaing'ono yoika kathumba, kuti asamwalire ndi ululu wa mimba yotupa. Ineyo ndinkaona kuti mwayi woti apirire opaleshoni yaikulu unalipo ndithu, ndipo ndinawauza zimenezo poyera, koma chisankho chawo chinali chomveka ndiponso chogwirizana ndi zimene amaziona kukhala zofunika. Ndinawatumiza kwa anzathu a chisamaliro chochepetsa ululu kuti akonze za mofini wakumwa ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi, ndinawapatsa tsiku lobweranso ku kiliniki ngati angasinthe maganizo, ndipo ndinalemba zonse momveka m'kabuku kawo ka kuchipatala, zimene avomera ndi zimene akana, kuti dokotala wa pa chipatala cha kuboma lakwawo amene angawalandire usiku asachite kulota.