Golf ija sinandithawe, tinangosemphana maganizo

Kavidiyo mukutumizirana pa WhatsApp kaja, ka munthu akuthamangitsa galimoto yopanda woyendetsa, kayambira pakati, ndiye imvani kwa mwini nkhani musanandipatse dzina. Inde, wothamanga ndi sipanala m'manja uja ndine. Ayi, sindinkalira. Linali thukuta.

Bwana wanga kuno ku Joni ali ndi ka Citi Golf kampikisano, ndipo Loweruka tinali nako ku bwalo la mpikisano wa galimoto la Zwartkops, cha ku Pretoria, kumene kuzungulira kamodzi ndi makilomita 2.4. Atazungulira kangapo, galimoto inayamba kulemera ngati ikukoka ngolo ya mchenga. Anaifikitsa movutikira pamalo pathu, mabuleki akufuka, madisiki atachita buluu. Ine ndinagamula pompo: makalipa, zitsulo zofinyira mapadi a mabuleki pa disiki, agwira. Chonsecho ndinali nditangowamasula kumene, kupala dzimbiri pa mapisitoni, kusintha marabala, kupaka mapini girizi wa silikoni, poti girizi wamba amatupitsa rabala. Musandiyese wadzulo. Ndinawatukwanabe makalipawo mpaka makolo awo akufakitale.

Tinati tiikankhe. Madoda amphamvu zawo, misempha tolotolo, galimoto osasuntha ngakhale pang'ono. Ndiye mundiuze, abale anga, galimoto yoti yakana anthu onsewo, mwala wa kutayala ngwachiyani? Handibuleki bwana anachotsa kalekale kuti ipepuke. Giya tinali titachotsa pokankha paja. Ndinakhazika mbale yanga ya papa, nsima yakuno, ndi nyama padenga n'kupita kukasamba m'manja.

Makalipa analibe mlandu. Kandodo kochokera ku pedulo kukakankha pisitoni ya master cylinder, pampu yopopa mafuta a mabuleki, kamafuna kampata pang'ono. Kampata kakasowa, pisitoni siibwerera mokwanira, imatseka kabowo kobwezera mafuta m'kathanki. Mafuta akatentha amafufuma, kothawira alibe, amafinya mapadi, mapadi akamakhula disiki moto umawonjezeka, mpaka zonse gwa. Akazizira amasiya okha, osatsanzika. Zoti kampatako anachotsa ndani si nkhani yalero. Bwana anadandaula kuti pedulo ikutsika kwambiri, ndipo wantchito wabwino amamva zonena abwana.

Ndiye mafuta aja anazizira.

Pobwera ndinaona Golf ikunyamuka. Osati mothamanga, ayi. Mwaulemu, mosaphuma, yopanda phokoso, mbale ili padenga phee, msuzi osatayika ngakhale dontho. Kunena zoona ndinaima kaye n'kumaisirira, chifukwa tsiku lonse inali isanayendepo mokoma chotero. Bambo wina anaipatukira n'kuikwezera dzanja. Kamwana kena kanaibayibitsa. Mayi wina wogulitsa zakumwa anasuzumira kuti aone woyendetsa, anasuzumiranso, kenako anayang'ana ine. Apo m'pamene miyendo yanga inalandira uthenga.

Ndinaipeza, musamve zabodza. Kungoti ndinafikira chitseko chakumanzere, kumene kulibe mpando, kulibe pedulo, kuli zitsulo zopingasa zokhazokha. Ndinayenda nayo limodzi mutu uli mkati, matako ali kunja, ndikuichonderera m'Chichewa, chinenero choti sinachimvepo chibadwire. Inakaima yokha pa mulu wa matayala akale. Mbale inatsetsereka pagalasi mwakachetechete n'kukavundikira pa boneti.

Bwana anafika osathamanga, manja m'thumba. "Mabuleki aja wakonza?" Ndinati, "Bwana, mwaona nokha mmene matayala akuzungulira."

Kandodo kaja ndinakabweza mwakanthawi kochepa, nyama ndinatola n'kuipukuta. Makalipa sindinawapepesebe.