Tsiku limene ndinalipiritsa kondakitala

Poti nkhaniyi yafika kale mpaka pa gulu la WhatsApp la kwaya, ndipo ena mwayamba kuithira mchere kuti ndinathawa ndi ndalama za minibasi mpaka ku Bangwe, kuli bwino muimve kwa mwini wake. Sindinabe khobidi la munthu. Sindinathawe. Ndipo amene mukufalitsa zoti ndinalira, linali thukuta lolowa m'maso, unali mwezi wa Okutobala.

Ndinakhala mpando wakutsogolo. Mlandu wonse wagona pamenepo.

Inu amene simunakwerepo takisi ya ku Johannesburg simungamvetse. Kumeneko minibasi ilibe kondakitala. Mukakwera pa siteji ya Noord kapena ya Bree, galimoto ikangonyamuka, a mzere wakumbuyo amasonkha ndalama zawo n'kupatsira mzere wotsatira, iwonso chimodzimodzi, mpaka zonse zifike m'manja mwa amene wakhala pafupi ndi dalaivala. Ameneyo ndiye msungichuma, afune asafune. Awerenge, abweze chenje, zotsala apereke. Ikangosowa ngakhale R2, dalaivala amakhotera pambali pa msewu, n'kuzimitsa injini, n'kupinda manja kudikira kuti wosalipirayo aulule yekha.

Ine ndinakulira m'zimenezo. Mchombo wanga uli ku Ndirande, koma ananditenga ndikadali wa kumsana. Kwathu kusakhazikika n'kwa kumtundu: agogo aamuna anapita ku migodi ndi Wenela, Kamuzu asanaletse ulendowo mu 1974 ndege ya ogwira ntchito itagwa ku Francistown, ndipo bambo anadzapita paokha pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, makina osokera ali m'katoni. Anakakhala telala ku Rosettenville. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo chipwirikiti chozunza anthu ochokera m'maiko ena cha 2008 chitachitika ankalibwereza m'mawa uliwonse: mu takisi usatsegule pakamwa, lilime lako likupereka. Ukapezeka wakhala kutsogolo, werenga mwachangu, werenga molondola, ungogwedeza mutu. Ndiye pamene anzanga a kuno munkaphunzira kupanga mpira wa mapepala, ine ndinkabweza chenje cha anthu 15 mtima uli m'mwamba. Munthu wotero mungamuweruze?

Chibwerere kuno ndinkangoyenda pa galimoto ya msuweni wanga, penapake pa kabaza. Koma sabata imeneyo mafuta anasowa, galimoto ya msuweni inagona pa mzere, ndipo mayi anandipatsa ndalama kuti ndikagule usipa ku msika wa Limbe, ati wa m'tauni ngwodula. Ndinafika pa Mibawa nditavala shati yoyera yosita, wotchi pamkono, nsapato zogula pa Small Street ku Joni zikuwala. "Limbe! Limbe Highway! Awiri otsala!" Ndinamva wina akukuwa kuti K1,500. Ndinaona kutsogolo kuli malo otambasulira miyendo, ndinalowa.

Galimoto itayamba kuyenda, mnyamata wina anabwera akuthamanga, analumphiramo, n'kukoka chitseko. Mpando analibe. Anangoima chowerama, mutu uli paphewa pa mayi wina, matako ali pazenera. Ndinamumvera chisoni kwambiri. Ndinati mumtima, taonani m'bale wangayu, wachedwa, wasowa pokhala, koma sakudandaula.

Tinadutsa Clock Tower, palibe amene akusuntha. Tikuyandikira Ginnery Corner, zii. Ndinati anthu a kwathu ndi aulemu, akudikira kuti wa kutsogolo ayambe. Basi ndinatembenuka, ndinagwada pampando, ndinatambasula dzanja.

"Tiyeni, a kumbuyo uko, yambani."

Ndipo analipira. Apa ndi pamene inu onditonza mumadumpha dala. Analipira onse, mwaulemu, popanda wofunsa. Agogo ena aakazi anamasula mfundo ya chitenje n'kundipatsa ndi manja awiri, n'kuwonjezera "Zikomo, bwana." Bambo wina wa suti anachita kunyamuka pang'ono pampando kuti andifikire. Ine m'moyo wanga wonse sindinalemekezedwepo choncho, ndipo kunena zoona ndinkamva bwino.

Chimene chinandivuta ndi ndalama zenizenizo. Randi ndinaizolowera ndi nyama: chipembere ndi R10, njovu R20, mkango R50, njati R100, kambuku R200. Ukangoona mchira wadziwa kale. Kuno ndinati ndizigwira nkhope. Koma Kamuzu ali pa K1,000, Kamuzu yemweyo ali pa K5,000. Chilembwe ali pa K500, Chilembwe yemweyo ali pa K2,000. Ndikudziwa, mukuti mitundu ndi yosiyana ndipo manambala analembapo. Mwaziona ndalama za mu minibasi inu? Zadutsa kwa wogulitsa makala, kwa wogulitsa nsomba, kwa wa chiwaya, zafika zofewa ngati nsanza yopukutira mbale, zonse mtundu umodzi wa dothi. Bambo wina wa chipewa anandipatsa Kamuzu mmodzi. Ndinamuyang'ana n'kunena kuti, "Onjezerani K500." Anatsegula pakamwa, anayang'ana shati yanga, anatsekanso pakamwa, n'kuonjezera.

Kenaka ndinawerenga mitu. Inali 18, kuchotsera dalaivala ndi khanda la pamiyendo. Ndalama zinali za anthu 16. Mmodzi ndinali nditamuona kale.

"Achimwene oimirira inu."

Anatukula mutu paphewa pa mayi uja pang'onopang'ono.

"Ine?"

"Inu nomwe. Ndikudziwa mulibe mpando, pepani, koma mafutawa mukudya nawo."

Anandiyang'ana. Anayang'ana khosi la dalaivala. Dalaivala anali atakhazikitsa maso pamsewu, osaphethira, manja onse awiri pachiwongolero, kuyendetsa kwa munthu amene akuyesedwa mayeso a laisensi. Mnyamatayo anameza malovu, ndinaona kholingo likukwera n'kutsika. Anayang'ananso kwa ine. Dzanja langa linali chitambasulire, ndipo ndinagwedeza zala pang'ono, muja timachitira ku Joni pofulumizitsa munthu. M'galimoto monse munali bata, mpaka khanda lija linasiya kuyamwa n'kutembenuka kuti lione. Ndiye mnyamatayo, akadali chowerama, analowetsa dzanja m'thumba la kabudula wamkati, kuvutika nalo chifukwa chigongono chinkagunda denga, n'kutulutsa mpukutu wa ndalama waukulu woti sungakwane m'chikhatho.

Ine magazi anawira.

"Ha! Ndalama zonsezo, n'kumafuna kukwera ulere?"

Minibasi yonse inati "Eeeh!" Mayi wa phewa uja anati, "Awa ndi amene amatibera awa." Mnyamatayo ananyowetsa chala, anasolola K1,000, anasolola K500, anandipatsa ndi manja awiri. Ndinati zikomo. Iye anati, "Zikomo, biggy."

Zimene ndinadzamva pambuyo pake n'zakuti mnyamatayo anali waganyu, anali atangoyamba sabata yomweyo mwini ntchito atadwala. Onse awiri ndi dalaivala anamvapo kuti mwini minibasi ali ndi mwana ku Joni amene akubwera kudzalongosola za ndalama. Sanamuonepo. Atamva Chichewa changa chopindika chija, ataona wotchi, aliyense anaweruza yekha mumtima, ndipo aliyense ankayesa mnzake ndiye akundidziwa. Okwera nawonso anati eni galimoto abwera kudzagwira akuba. Ndiye mundiuze, pa anthu onsewa, wopusa ndinali ine ndekha?

Koma panali patatsalabe mmodzi. Ndinawerenganso. K25,500, pamene zimafunika K27,000. Ndinafunsa mwaulemu, palibe woyankha. Ndinafunsanso, zii. Basi ndinachita zimene ndinakula ndikuona.

"Adalaivala, imani."

Anaima. Abale anga, anaima! Titangodutsa ku Poly, bwalo la Kamuzu Stadium likuonekera patsogolo, anakhotera pambali n'kuzimitsa injini.

"Pano sitichoka mpaka amene sanalipire alipire."

Dzuwa likuswa mtengo, mazenera awiri osatseguka, wina ali ndi nsomba m'jumbo. Anthu anayamba kuyang'anana. Bambo wa suti anatulutsa Baibulo m'chikwama n'kuligwira pachifuwa. Agogo aja anatambasula chitenje chawo kuti onse aone kuti mfundo yatsala yopanda kanthu. Mwana wa sukulu analoza mayi wa tomato, mayi wa tomato anati amutemberera mpaka mayeso ake a fomu 4. Ndipo ine, poona kuti ndapeza mpingo womvera, ndinalalikira. Ndinati n'chifukwa chake dziko lino silikutukuka. Ndinati chinyengo chimayambira pa K1,500. Ndinati kumene ndachokera zoterezi kulibe, bodza lenileni, chifukwa kukanakhala kulibe madalaivala akumeneko sakanaphunzira kuzimitsa injini. Ena ankagwedeza mitu. Wina kumbuyo anati, "Zoona, bwana."

Amene anaononga zonse ndi bambo wa chipewa uja. Anakweza dzanja.

"Pepani bwana, si mwano ayi. Ine ndinapereka K5,000, munati ndionjezere, ndinaonjezera. Ndimati mwina chenje chibwera. Koma ndingofunsa, galimotoyi ndi yanu?"

"Ayi."

"Ndi ya bambo anu?"

"Ayi, bambo anga ndi telala."

"Nanga inu ndinu ndani?"

"Ndine wokwera ngati inu nomwe. Ndikupita ku Limbe kukagula usipa."

Dalaivala anatembenuka koyamba chinyamukire. Sanayang'ane ine, anayang'ana mnyamata woimirira uja.

"Iwe, si mwana wa abwana ameneyu?"

"Ine ndimayesa inu mukuwadziwa, madala!"

Zimene zinatsatira sindingazilembe mwadongosolo chifukwa aliyense ankayankhula nthawi imodzi. Ndinayesa kufotokoza, koma taonani tsoka: zaka zonse za ku Joni ndinkabisa Chichewa kuti asandizindikire, ndipo pa tsiku limene ndinkachifunitsitsa chinabisala chokha. M'kamwa munkangotuluka Chizulu ndi "eish". Wina anakuwa kuti, "Ndi wa ku Joni uyu, amabera ndi mpeni kumeneko, uyu wabwera ndi njira yatsopano!" Mawu akuti wakuba atangomveka kamodzi, anyamata a kabaza anayamba kuyandikira, ndipo inu a Blantyre mukudziwa mmene nkhani zotere zimathera. Apa ndi pamene thukuta lija linalowa m'maso.

Anandipulumutsa ndi mayi wa tomato. Anati wakuba wanji amene amaimitsa yekha galimoto n'kukhala momwemo? Anatinso chiyambire kukwera minibasi, aka kanali koyamba kuti wolandira ndalama amuuze zikomo. Mayi ameneyo Mulungu amudalitse, tomato wake asaole.

Tinatsika tonse kukawerengera pambali pa msewu. Kondakitala, amene tsopano anali atawongoka msana ndipo ndinaona kuti ndi wamtali kundiposa, anayamba wadzibwezera K1,500 yake, akundiyang'ana m'maso. Wa chipewa analandira K4,000 yake. Kenaka zinapezeka kuti mtsikana wina anandipatsa Chilembwe wa K500, ine n'kumuyesa wa K2,000, n'kumubwezera K500, moti anakwera ulere, ndipo m'chipwirikiti chija anali atazemba kale kulowera ku Chichiri. Imeneyo ndinalipira ine. Kondakitala anawerenganso, kunyowetsa chala, kuwerenganso.

"Yatsalabe ya munthu mmodzi."

Agogo a chitenje aja anandigwira mkono mofatsa.

"Nanga mwana wanga, iweyo unalipira?"

Ndinagwira thumba la shati. K1,500 imene ndinakonzeratu pa Mibawa inali momwemo, yopindidwa bwinobwino.

Tsono tamverani, chifukwa apa ndimafuna anthu ophunzira andiweruze. Kondakitala salipira, eti? Pa ulendo umenewo amene ankagwira ntchito ya ukondakitala ndinali ine. Mnyamata uja sanagwire ntchito iliyonse, anangoima, ndiye anali wokwera, ndipo analipira. Mitu 18, kuchotsapo kondakitala mmodzi, 17. Ndalama zimene ndinawerenga zinali za anthu 17. Masamu anali okwana kuyambira pa Ginnery Corner! Ndinayesa kuwafotokozera zimenezi pomwepo, koma bambo wa suti anali atakhala pansi m'fumbi akuseka, Baibulo lili pamutu, ndipo dalaivala anati kapena ndilipire kapena tikafotokozere apolisi masamu angawo.

Ndinalipira yanga. Dalaivala anati palinso ya nthawi, chifukwa minibasi zitatu zamupitirira ndi anthu ake. Ndinalipira. Agogo anati kukhosi kwawauma ndi dzuwa, ndinawagulira Fanta. Kutsogolo anandichotsako, anandikhazika pa kabenchi kotentha kaja ka pa injini, kuyang'ana kumbuyo, nkhope ndi nkhope ndi anthu onse amene ndinawalalikira. Kuyambira pa Chichiri, kudutsa Maselema mpaka Limbe, munthu akangokwera, kondakitala ankayamba wanditembenukira: "Biggy, ndilandire, kapena mulandira nokha?"

Kunyumba ndinapeza bambo pakhonde akusoka zipi. Anamvetsera yonse osaseka, mpaka pamapeto anafunsa kuti, "Koma zinakwana?" Ndinati zinakwana. Anati basi, n'kupitiriza kupalasa makina. Mayi anayang'ana kamulu ka usipa kamene ndinabweretsa, anakatembenuza ndi chala, n'kufunsa ngati ku Limbe zinthu zakweranso. Ndinati zakwera. Anatuma mwana kukathyola nkhwani kuseri.